Bala lapola koma dzanja silinabwerere: zimene zimachitika mtsempha wa m'dzanja ukaduka

Amalume anga amakhoma mipando ndi makabati ku Glen View, pamalo paja aliyense mu Harare amangopatchula kuti Area 8. Tsiku lina akulowetsa galasi pachitseko cha kabati, galasilo linathetheka ndipo chidutswa chake chinawalasa dzanja lamanja, mmunsi pang'ono mwa chikhatho, mbali ya kachala kakang'ono. Bala lake silinali loopsa poliona, kutalika kwake ngati chikhadabo chimodzi ndi theka basi. Anyamata awo anawamanga kansalu n'kuwaperekeza ku kachipatala kena kapafupi. Kumeneko anawatsuka, kuwasoka khungu, kuwabaya jekeseni ya kafumbata, n'kuwauza kuti abwerenso pakatha masiku 10. Ulusi unachotsedwa, bala linauma bwinobwino, tonse n'kumati zatha.

Patapita milungu itatu, akazi awo anaona chithuza pa kachala kakang'ono kaja. Amalume anali atapsa ndi ketulo osamva kanthu. Kenako misomali inayamba kuwapulumuka, kiyi wa loko akamapotokola ankaterereka, ndipo mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala unayamba kuphwa mpaka kusiya kadzenje. Zala ziwiri zakumapeto zinayamba kukhota ngati zikhadabo za kabawi. Pamene ankafika kuchipatala chachikulu n'kuti patatha miyezi inayi. Dokotala anawagwiragwira zala, anawauza kuti apane pepala pakati pa zala ziwiri iye n'kulisolola mosavuta, ndipo anati galasi lija linadula mtsempha. Pansi pa chipsera chokongolacho, nsonga ziwiri za mtsemphawo zinali zitatalikirana kalekale.

Anawachita opaleshoni. Funso limene amalume ankandifunsa chaka chonse chotsatira linali limodzi: "Iwe wopita kusukuluwe, tandiuza, opaleshoni ija inatheka kapena sinatheke?" Funso limeneli lilibe yankho la eya kapena ayi, ndipo chifukwa chake ndi chimene ndikufuna kufotokoza. Ife ana a Achewa, Ayao ndi Anyanja a mu Harare muno ndife anthu a manja. Agogo athu ambiri anabwera ku Salisbury, dzina lakale la Harare, ena ndi bungwe lolemba anthu ntchito la Mthandizi ena ndi miyendo yawo, alibe munda kapena ng'ombe, chuma chawo chili m'zala. Mpaka lero ku Siyaso, ku Magaba, ku Mbare Musika ndi ku Area 8 mupeza owotcherera, makalipentala ndi matelala amene dzanja likaima, poto nayenso amaima.

Liwu limodzi, zinthu zitatu

Chisokonezo chimayambira m'chinenero chathu chomwe. Timati mtsempha tikamanena za njira ya magazi. Timatinso mtsempha tikamanena za chingwe choyera cholimba chija chimene chimakoka chala kuti chipinde, chimene madokotala amati tendon. Timatinso mtsempha tikamanena za kachingwe kofewa kotenga mauthenga pakati pa ubongo ndi dzanja, kamene iwo amati nerve. Anzathu Achishona nawonso amangoti tsinga pa zonsezi. Ndiye dokotala akati "tasoka mtsempha", wodwala amamva ngati asoka chinthu chimodzi chimene chipole limodzi ndi khungu. Chonsecho zitatuzi zimachira mosiyana kotheratu. Mtsempha wa magazi ukasokedwa bwino, magazi amadutsa nthawi yomweyo. Mtsempha wokoka umafuna pafupifupi miyezi itatu kuti ulimbe. Wa mauthenga ndiye umafuna chaka, nthawi zina ziwiri, ndipo kwa munthu wamkulu kawirikawiri subwerera mmene unalili.

Dzanja lili ndi mafupa 27, koma mitsempha ikuluikulu ya mauthenga ndi itatu yokha. Wa median umadutsa pakati pa mkono ndipo ndi umene umamvetsa chala chachikulu, chamkombaphala, chapakati ndi theka la chovala mphete, komanso umathandiza chala chachikulu kukumana ndi zinzake. Wa ulnar ndi uja ukagunda chigongono pakhoma umamva ngati magetsi mpaka ku kachala kakang'ono. Umenewu ndi umene umayendetsa timinofu tambiri ta m'kati mwa chikhatho, totambasula zala, kuzipanikiza pamodzi ndi kupana kiyi. Ndi umene unaduka kwa amalume. Wachitatu, wa radial, umadzutsa dzanja ndi kuwongola zala.

Mtsempha si waya wa magetsi

Ambiri timaganiza kuti mtsempha wa mauthenga uli ngati waya: ukaduka, lumikiza, getsi layaka. Akanakhala choncho bwenzi nkhaniyi kulibe. M'kati mwa mtsempha umodzi muli timaulusi masauzande, kalikonse koyenda m'kanjira kakekake, ndipo muzu wa kaulusi kalikonse uli kutali, pafupi ndi msana. Mtsempha ukaduka, mbali yonse ya kunsi kwa balalo, imene yalekana ndi muzu wake, imafa m'masiku ochepa ndipo thupi limaisesa, n'kutsala timipata topanda kanthu. Zimenezi anazifotokoza koyamba Augustus Waller mu 1850, atadula mitsempha ya achule n'kumaiyang'ana pa maikulosikopu. Ngakhale dokotala atasoka ola lomwelo, mbali yakunsiyo imafabe.

Chimene dokotala amachita ndi kungolunjikitsa nsonga ziwiri kuti ziyang'anizane. Kenako timaulusi ta mbali yamoyo timaphuka n'kuyamba kuyanga ngati maungu m'munda, kulowa m'timipata tija, ulendo wa kunsonga za zala. Liwiro lake ndi pafupifupi milimita imodzi pa tsiku, kapena kuti masentimita awiri ndi theka kapena atatu pa mwezi, ndipo pamadutsa kaye milungu ingapo tisanawoloke n'komwe pamene pasokedwa paja.

Tatengani tepi ya telala muyeze nokha. Kuchokera pamene timavala wotchi kufika kunsonga ya chala chapakati ndi masentimita pafupifupi 18, ndiye kuti miyezi 6 kapena 7. Bala likakhala pachigongono, ulendo umapitirira chaka. Likakhala m'khosi, monga zimachitikira munthu akagwa pa njinga yamoto n'kugwera phewa mpaka mizu ya mitsempha ya mkono kukokeka, ulendo wokafika kuchikhatho umaposa zaka ziwiri.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Mnofu umene wasiya kulandira mauthenga sudikira mpaka kalekale. Umaphwa pang'onopang'ono, ndipo pakatha miyezi 12 mpaka 18 umakhala utasanduka zipsera ndi mafuta, moti ngakhale mtsempha ufike, umapeza mwini nyumba atasamuka. Mwezi uliwonse umene munthu wakhala kunyumba akupaka mafuta ndi kuyembekeza kuti dzanzi lithe, wachotsedwa pa miyezi 18 ija. Amalume anataya inayi. Mwayi wawo unali woti bala lawo linali pafupi ndi chikhatho, ulendo wotsala unali waufupi. Likanakhala kumtunda kwa chigongono, miyezi inayi imeneyo ikanatha kuwatayitsa timinofu tonse ta m'chikhatho. Khungu ndi loleza mtima kuposa mnofu, n'chifukwa chake kumva kumatha kubwererako ngakhale opaleshoni itachitika mochedwa kwambiri.

Ndinawaperekeza kangapo kukaonedwa. Dokotala ankawagogoda ndi nsonga ya chala, kuyambira kumapeto kwa kachala kakang'ono kumka chakuchipsera, pang'onopang'ono ngati munthu wosankha chivwende. Akafika pena pake amalume ankadzidzimuka n'kunena kuti, "Apo, apo! Zikunyerenyesa mpaka kunsonga." Dokotala ankalemba kadontho ndi bolopeni pamenepo, n'kuyeza ndi rula kuchokera pachipsera. Mwezi wotsatira kadonthoko kankakhala katasuntha ndi masentimita awiri. Njira imeneyi anaifotokoza Jules Tinel wa ku France mu 1915, akuthandiza asilikali ovulala pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo sifuna makina alionse. Kwa amalume, kadontho ka bolopeni kameneko ndi kamene kankawapatsa mtima m'miyezi imene dzanja linkaoneka ngati silikusintha.

Si dzanzi lililonse limene limafuna mpeni wa dokotala. Herbert Seddon, amene ankathandiza ovulala pa nkhondo yachiwiri ku Oxford, anagawa kuvulala kwa mitsempha m'magulu atatu mu 1943. Pali pamene mtsempha wangofinyidwa, osaduka paliponse. Chitsanzo ndi munthu woledzera amene wagona mkono utapachikika pachotsamira cha mpando, m'mawa n'kudzuka dzanja likungolendewera. Kumudzi zoterezi anthu amafulumira kuloza afiti, koma ndi mtsempha wa radial umene wapanikizidwa pa fupa usiku wonse, ndipo nthawi zambiri umadzuka wokha m'milungu yochepa. Pali pamene timaulusi taduka koma chikopa cha mtsempha chili chilumikizire, apa umaphukanso wokha mwa liwiro lija la milimita pa tsiku. Ndiye pali pamene wadukiratu. Umenewu popanda opaleshoni sungalumikizane. Lamulo limene madokotala amatsatira ndi losavuta: bala lotseguka la galasi kapena mpeni, kunsi kwake kuli dzanzi kapena chala chosayenda, amaliona ngati mtsempha woduka mpaka atatsegula n'kuona ndi maso.

Zimene amachita ku fiyeta

Munthu akafika m'masiku oyambirira, nsonga ziwiri zimakhala zikadali pafupi ndipo dokotala amazisoka mwachindunji, atavala magalasi okuza zinthu kapena akuyang'ana pa maikulosikopu, ndi ulusi wopyapyala kuposa tsitsi. Imeneyi ndiyo opaleshoni imene imabala zipatso zabwino kuposa zonse. Pakapita milungu, nsonga zimabwerera m'mbuyo ngati lasitiki ndipo kumapeto kwake kumamera chipsera chimene chiyenera kudulidwa. Pamatsala mpata. Kukoka mtsempha mwamphamvu kuti ufikane n'kuupha, chifukwa timitsempha ta magazi toudyetsa timatsekeka. Ndiye amadula kachidutswa ka mtsempha wina wosafunikira kwenikweni, kawirikawiri wa kuseri kwa katumba wa mwendo, n'kuika ngati mlatho. Njira imeneyi anaikhwimitsa Hanno Millesi wa ku Vienna m'zaka za m'ma 1970. Ndi imene anachita kwa amalume, moti mpaka lero mbali yakunja ya phazi lawo ili ndi kadzanzi. Mlatho umathandiza, koma timaulusi timayenera kuwoloka misoko iwiri m'malo mwa umodzi, ndipo pa msoko uliwonse tina timasochera.

Pamene ulendo watalika kwambiri pali nzeru ina. Mu 1994 dokotala wa ku Paris, Christophe Oberlin, anafotokoza njira yobwereka timaulusi tochepa ku mtsempha wa ulnar wamoyo n'kutilumikiza pafupi penipeni ndi mnofu wopinda chigongono. M'malo modikira mtsempha wochokera m'khosi, mauthenga amangoyenda masentimita ochepa. Ndipo nthawi ikathiratu, mnofu utafa, amasamutsa mtsempha wokoka wa mnofu wina wamoyo kuti ugwire ntchito ya womwalirayo. Luso limeneli linakula kwambiri chifukwa cha khate. Paul Brand, akugwira ntchito ku Vellore m'dziko la India kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, anawongola nalo manja okhota a odwala khate, ndipo ndi iyenso anaphunzitsa anthu kuti zala za akhate sizimadyeka ndi matendawo mwachindunji, koma ndi zilonda ndi kupsa zimene munthu samazimva. Aliyense amene anafikako ku Mutemwa, malo osamalira odwala khate pafupi ndi Mutoko, anaona manja oterowo. Chithuza cha ketulo cha amalume chinali chiyambi cha njira yomweyo.

"Yatheka" amatanthauza chiyani?

Madokotala ali ndi miyeso yawo. Mphamvu ya mnofu amailemba kuyambira M0 mpaka M5. M0 ndi mnofu wosagwedera n'komwe, M3 ndi umene ungadzutse chiwalo koma wina akangokankha pang'ono umagonja, M5 ndi mphamvu zonse. Kumva amalemba kuyambira S0 mpaka S4. Amatenga kawaya kopanira mapepala, n'kukatambasula kuti kakhale ndi nsonga ziwiri, wodwala atatsinzina n'kumamufunsa ngati akumva imodzi kapena ziwiri. Nsonga ya chala chabwinobwino imasiyanitsa nsonga ziwiri zotalikirana mamilimita osakwana 6. Chala chosokedwa mtsempha cha munthu wamkulu nthawi zambiri chimafuna 10, 15 kapena sichisiyanitsa n'komwe.

Mu 2005 madokotala a ku Rotterdam anasonkhanitsa zotsatira za mitsempha ya median ndi ulnar yoposa 600 imene inasokedwa ndi njira zamakono. Anapeza kuti mphamvu zinabwerera mokhutiritsa mwa pafupifupi theka la anthu, ndipo kumva kunabwerera mokhutiritsa mwa anthu pafupifupi 4 pa 10 alionse. Anapezanso kuti ulnar umachira movutirapo kuposa median, kuti ana amachira bwino kuposa akuluakulu, ndiponso kuti kuchedwa kumawononga. Manambala amenewa ndi ochokera kumaiko kumene maikulosikopu ndi mafizo (akatswiri olimbitsa ziwalo) sizisowa. Ndimawatchula osati kuti munthu ataye mtima, koma kuti adziwe kuti dzanja losabwerera lonse si umboni woti dokotala analakwitsa, ndiponso kuti theka lija ndi lofunika kulimenyera nkhondo.

Chifukwa chimene mwana amachirira bwino n'chochititsa chidwi, ndipo sichili m'dzanja koma m'mutu. Timaulusi tikamawoloka msoko sitibwerera katikati m'timipata take takale. Kamene kankachokera kunsonga ya kachala kakang'ono kakhoza kukathera m'mbali mwa chovala mphete. Ubongo umalandira makalata okhala ndi maadiresi osokonezeka. Wa mwana umaphunzira maadiresi atsopano msanga, monga mmene ana athu amatolera Chishona pamsewu agogo awo akuchivutikira zaka 40. Wa munthu wamkulu umafuna kuphunzitsidwa dala. Amalume anapatsidwa ntchito imene poyamba anaiona ngati masewera a ana: kuthira chimanga m'beseni, kukwiriramo batani, msomali, kiyi ndi ndalama yachitsulo, n'kumazifufuza ndi zala ziwiri zija atatsinzina, kutchula chimene agwira, kenako kutsegula maso kuti ubongo uone ngati walondola. Madzulo alionse ankakhala pakhonde ndi beseni lawo, zidzukulu zikuwawerengera zimene alondola.

Pali muyeso wina umene ine ndimaona kuti ndiwo uli pafupi ndi choonadi. Mu 1996 kunatuluka mndandanda wa mafunso 30 wotchedwa DASH, umene sufunsa dokotala koma wodwala: kodi mukutha kutsegula botolo, kulemba, kupotokola kiyi, kunyamula katundu, kugona osadzutsidwa ndi ululu? Mayankho amawaphatikiza kuyambira 0, kutanthauza kuti palibe vuto, mpaka 100. Koma ngakhale mafunso amenewa analembedwera moyo wa kwina. Palibe funso la mbamu. Kwa ife, dzanja lamanja limene silingateme nsima, kuiumba m'chikhatho ndi kuibowola ndi chala chachikulu kuti itunge msuzi, silinachire, kaya pepala likunena M4. Amalume anakhala miyezi yambiri akudyera kuchipinda chifukwa mbamu inkawagwa, ndipo kudya ndi lamanzere pamaso pa alendo ankakuona ngati chipongwe. Ku maliro ndi ku misonkhano ya mpingo wa CCAP ankanamizira kuti adya kale. Palibe fayilo imene inalembamo zimenezi. N'chifukwa chake ndimalimbikitsa kuti wodwala auze dokotala ntchito yake yeniyeni asanalowe ku fiyeta: ndimapana misomali, ndimalowetsa ulusi pa singano, ndimaluka tsitsi. Dokotala amene wamva zimenezi amatha kusankha opaleshoni yogwirizana ndi ntchitoyo, ndipo amatha kunena mosabisa chimene chibwerere ndi chimene sichibwerera.

Theka la ntchito lili kunja kwa chipatala

Galasi kapena sowo sizisankha, zimadula mtsempha wa mauthenga ndi wokoka nthawi imodzi. Wokoka uli ndi msampha wakewake. Ukausiya osayenda umamatirira ku minofu yozungulira ndipo chala chimauma. Ukaukoka mwamphamvu usanalimbe, msoko umathothoka. Njira yapakati, imene Harold Kleinert wa ku Louisville anaitchukitsa m'zaka za m'ma 1960, ndi kuika dzanja m'chikhakha choteteza pafupifupi milungu 6 uku zala zikuyendetsedwa pang'onopang'ono mmene a mafizo alangizira, ndipo katundu wolemera osamugwira mpaka milungu 12. Kwa woduka mtsempha wa mauthenga, mafizo amasunga mfundo za zala kuti zisaume pamene akudikira. Mtsempha ukhoza kufika bwinobwino patatha miyezi 8, koma ukapeza mfundo zitauma ngati nkhuni, palibe chimene ungayendetse.

Kunena n'kosavuta. Kalipentala wa ku Area 8 amadya za tsiku lomwelo. Milungu 12 osagwira pulena ndi lendi ya miyezi itatu. Amene ali pa ntchito yolembedwa ali ndi NSSA, imene imalipira ovulala pa ntchito, koma ambiri a ife timadzilemba tokha ntchito ndipo tilibe pogwira. Zipatala zikuluzikulu zimene odwala otere amatumizidwako, Parirenyatwa ndi Sally Mugabe imene timaitchulabe kuti Gomo, zili ndi madipatimenti a mafizo, ku Milton Park kuli malo olimbitsira ziwalo a St Giles, ndipo University of Zimbabwe imaphunzitsa akatswiri a ntchitoyi. Koma ulendo uliwonse ndi makombi awiri popita, awiri pobwera, ndi tsiku lathunthu losagulitsa kanthu. Ndiye munthu amapita kawiri, katatu, akaona bala lauma amasiya. Ena amavula chikhakha mlungu wachitatu kuti amalize oda ya kasitomala. Sindingawaweruze, njala ndinaiona m'nyumba ya amalume. Chimene chinawapulumutsa iwo ndi abale. Tinakhala pansi monga timachitira pa maliro, aliyense n'kulonjeza kangachepe pa mwezi kwa miyezi itatu, ndipo anyamata awo anagwira benchi. Timadziwa kusonkherana munthu akamwalira. Dzanja la munthu wodyetsa anthu 7 likamwalira, malirowo ndi aakulunso, kungoti alibe bokosi.

Fodya amalume anasiya, ataumirizidwa, chifukwa amafinya timitsempha ta magazi timene msoko umadalira. Amene ali ndi shuga ayenera kumusamala kwambiri nthawi imeneyi, popeza shuga payekha amadya kale mitsempha ya mauthenga.

Tsiku la ngozi

Chimene chinalakwika kwa amalume chinachitika m'mphindi zisanu, ndipo chikanapewedwa m'mphindi ziwiri. Asanabaye mankhwala ochititsa dzanzi kuti asoke, wina akanayenera kuwauza kuti atsinzine, n'kukhudza nsonga ya chala chilichonse mbali zonse ziwiri, kenako kuwauza kuti apinde mfundo iliyonse payokha, atambasule zala, akumanitse chala chachikulu ndi kakang'ono. Zimenezi mukhoza kuyesa nokha musanafike n'komwe pamzere. Pakakhala chala chimene chikumva mosiyana ndi chinzake cha dzanja linalo, kapena mfundo imene sikupinda, nenani momveka: "Adokotala, chala ichi sichikumva." Ndipo pemphani kalata yopitira kuchipatala chachikulu mlungu womwewo. Kusoka khungu si kulakwa, khungu liyenera kutsekedwa. Kulakwa ndi kumuuza munthu kuti zatha.

Chala chikadukiratu, chikulungeni m'kansalu koyera konyowa pang'ono, chiikeni m'jumbo youma n'kumanga, kenako jumboyo muiike m'madzi a ayisi. Chisakhudze ayisi mwachindunji ndipo chisamire m'madzi. Chala chilibe mnofu wambiri, chotero chozizira bwino chikhoza kudikira mpaka maola 24, pamene mkono wokhala ndi mnofu umayamba kuwonongeka pakangotha maola 6 ukakhala wosazizira. Kulumikiza ziwalo si nthano: Ronald Malt analumikiza mkono wa mnyamata wa zaka 12 ku Boston mu 1962, ndipo Chen Zhongwei analumikiza dzanja ku Shanghai mu 1963. Koma si chala chilichonse chimene n'choyenera kubwezeretsa. Chachikulu amachimenyera nkhondo chifukwa chimagwira pafupifupi 40 peresenti ya ntchito ya dzanja. Chala chimodzi chimene makina achiphwanya chikhoza kulumikizidwa n'kukhala chamoyo, koma chouma, chozizira ndi chopweteka, n'kumatchinga zinzake. Apanso "chapulumuka" ndi "chikugwira ntchito" si mawu amodzi.

Mavuto awiri ang'onoang'ono amene anthu amawapeputsa ndiwatchule mwachidule. Kabala ka pamfundo ya chibakera, kobwera chifukwa chomenya munthu pakamwa, kamalowetsa tizilombo ta m'mano m'kati mwa mfundo, ndipo m'masiku awiri kapena atatu dzanja limatupa mafinya. Musaname kuti ndi waya, nenani kuti ndi dzino. Lina si bala n'komwe: dzanzi la usiku la chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, limene limadzutsa amayi ambiri n'kumakutumula dzanja. Umenewo ndi mtsempha wa median wopanikizika pakhomo la chikhatho. Wa amayi oyembekezera nthawi zambiri umatha akabereka. Kwa ena, opaleshoni yaing'ono yomasula mtsemphawo ndi imodzi mwa zimene zimayenda bwino kwambiri pa maopaleshoni onse a dzanja, malinga ichitike mnofu wa patsinde pa chala chachikulu usanaphwe.

Padutsa zaka ziwiri tsopano. Tsiku lomaliza kuonedwa, dokotala analemba M3 ndi S3 m'kabuku ka amalume, n'kuwauza kuti kuchokera apa kusintha kudzakhala kochepa. Kachala kakang'ono kamamva kutentha ndi kubaya, moti sanapsenso, koma batani ndi ndalama sikazisiyanitsa bwino. Kadzenje kaja kanadzadza theka. Zala sizitambasuka zonse, ndipo pepala lija dokotala amalisololabe akakoka mwamphamvu. Sowo ndi pulena akugwira, koma timisomali ting'onoting'ono amatola ndi lamanzere kapena amasiyira anyamata. M'miyezi ya June ndi July, kuzizira kwa Harare kukafika, dzanjalo limawawa ndi kuuma m'mawa, ndiye amavala gulovu imodzi ya ubweya imene akazi awo anawalukira, mpaka dzuwa litafika pabenchi. Nsima akudyera pabwalo ndi anthu, mbamu zake zazikulupo kuposa kale chifukwa zazing'ono zimawavutabe kuumba.